Wovina Sadikira Pensulo

M'Chichewa tili ndi mawu amodzi oti "kujambula", ndipo timawatuma ntchito zambiri. Mwana wa sitandade 2 akalemba nyumba ndi dzuwa m'kope mwake, wajambula. Mnzanu akakulozetsani foni pa ukwati, wakujambulani. Woimba akalowa mu situdiyo, akukajambula nyimbo. Popeza mawu ndi amodzi, ambiri timaganiza kuti ntchitonso ndi imodzi, kungoti foni imachita msanga pamene dzanja limachedwa. Ine sindivomereza zimenezo, ndipo chandilembetsa lero ndi mtundu wina wa maphunziro a zojambulajambula umene umachitika m'mizinda ngati New York ndi London. Anthu amasonkhana ndi mapepala ndi makala, amaitana ovina a mumsewu, nyimbo imayamba, iwo n'kumajambula pamanja munthu amene sakuima.

Kachitidwe kake kamafanana m'malo ambiri. Ojambula amakhala mozungulira, pakati n'kusiya bwalo. Wotsogolera amasunga nthawi: masekondi 30, kenako mphindi imodzi, kenako ziwiri. Nthawi ikatha aliyense amatembenuza pepala, kaya wamaliza kaya sanamalize. Mapepala ake ndi otchipa, aja okhala ngati a nyuzipepala, chifukwa madzulo amodzi okha munthu amatha mulu wonse. Pamapeto zithunzi zimayalidwa pansi, ovina n'kumayenda pakati pake kudzifunafuna.

Lingaliro lake ndimalikonda kwambiri. Koma zithunzi zambiri zotuluka m'maphunzirowa, zija zimadzaza Instagram, ndikaziyang'ana ndimaona munthu wa kapusi ndi nsapato zamasewero amene wauzidwa kuti aime. Gule sindimuona. Vuto lili pati? Kuti tilipeze, tiyambe taona kumene zinthu ziwirizi zinachokera.

Zonse ndi za mumzinda umodzi

Njira yojambula mwachangu imeneyi inatchuka kudzera mwa mphunzitsi wina, Kimon Nicolaïdes, amene ankaphunzitsa pa Art Students League ku Manhattan, mu New York. Iye anamwalira mu 1938, ndipo buku lake, The Natural Way to Draw, linatuluka mu 1941. Mfundo yake yaikulu inali yoti wophunzira asiye kaye kukopera maonekedwe a thupi, atsate chimene thupilo likuchita. Dzanja liyende mosaima, maso akhale pa munthuyo, ndipo wojambula amve m'thupi mwake momwe kulemera kwagwera. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito makala kapena pensulo yofewa, n'kumakoka mzere ndi mkono wonse kuchokera paphewa. Zala zokha zimachedwa, ndiponso zimakonda kukongoletsa.

Breaking, gule amene amaitanidwa kawirikawiri kumaphunzirowa, anabadwira mumzinda womwewo koma ku Bronx, dera la anthu akuda ndi ochokera ku Puerto Rico limene m'zaka za m'ma 1970 linali pa umphawi wadzaoneni. Pa 11 Ogasiti 1973, mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, wodziwika kuti DJ Kool Herc, anaimba pa phwando limene anakonza ndi mchemwali wake Cindy pa 1520 Sedgwick Avenue. Herc anazindikira kuti achinyamata amachita misala pa kachigawo ka nyimbo kamene zida zina zimakhala chete n'kutsala ng'oma zokha. Kachigawoko amakatcha break. Ndiye anayamba kugwiritsa ntchito mbale ziwiri za nyimbo imodzi, ina ikatha n'kuyambitsa inzake, kuti ng'omazo zisathe msanga. Ovina pa nthawi imeneyo ndiwo anatchedwa ma b-boy ndi ma b-girl.

Wovina breaking akalowa m'bwalo nthawi zambiri amayamba ali chilili, kuponda masitepe otchedwa toprock. Kenako amatsikira pansi, manja n'kugwira nthaka, miyendo n'kumazungulira thupi. Akatero amalowa mu zija zozunguza mutu, kupota ndi msana, ndi mapewa, kapena ndi mutu weniweniwo. Pomaliza amauma mwadzidzidzi, mwina atatsamira pa dzanja limodzi miyendo ili m'mwamba. Kuumako amakutcha freeze. Pa masewero a Olympics a ku Paris mu 2024, pamene Ami Yuasa wa ku Japan ndi Philip Kim wa ku Canada anatenga golide, wovina aliyense ankapatsidwa mpaka masekondi 60 pa ulendo umodzi. Taonani: nthawi imene wovina amanena zonse zimene ali nazo ndi yofanana ndi imene wophunzira wa Nicolaïdes amapatsidwa kuti amalize chithunzi. Zinthu ziwirizi zikanayenera kugwirizana ngati nsima ndi ndiwo.

Msampha wa freeze

Chimene chimasokoneza ndi freeze ija. Wojambula amene wavutika kutsatira miyendo yothamanga akaona wovina wauma, mtima umakhala pansi: tsopano nayi nthawi yanga. Wotsogolera naye, pofuna kuti amene alipira apite kwawo ndi chithunzi chooneka, amapempha wovina kuti agwire pomwepo kanthawi. Zikafika apa gule watha, ngakhale nyimbo ikupitirira.

M'bwalo lenileni freeze imakhala sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo imagwera ndendende pamene ng'oma yagunda. Mphamvu yake imachokera ku liwiro limene linalipo isanafike. Amene munamvetsera bwino phunziro la Chichewa kusukulu mukukumbukira mpumiro, kadontho kotseka chiganizo. Freeze ndi mpumiro. Kujambula freeze yokha kuli ngati kukopera kadonthoko n'kusiya chiganizo chonse.

Palinso nkhani ya thupi. N'zovuta kwambiri kuti munthu asenze kulemera kwake konse pa dzanja limodzi kapena pakhosi kwa mphindi ziwiri osavulala. Ndiye wovina akauzidwa kuti agwire nthawi yaitali, amasankha kaimidwe kosavuta, kamene sangakachite pamaso pa anzake. Ojambula amajambula kameneko mosamala, mithunzi ndi zingwe za nsapato zomwe, n'kulemba pansi kuti ajambula gule wa mumsewu. Ajambula munthu wotopa amene akuwerenga masekondi mumtima.

Bwanji osangojambula ndi foni?

Funsoli ndi lomveka, ndipo si lachilendo. Mu 1878, ku Palo Alto m'chigawo cha California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera m'mbali mwa njira n'kujambula hatchi ikuthamanga. Zithunzizo zinaonetsa kuti pa nthawi imene miyendo yonse inayi yachoka pansi, imakhala itapindikira kunsi kwa mimba. Akatswiri a penti ankaijambula itatambasuka, iwiri kutsogolo iwiri kumbuyo, monga anachitira Théodore Géricault pa chithunzi chake cha mpikisano wa mahatchi wa ku Epsom cha mu 1821. Anthu anati basi, kamera yawagwira bodza.

Wosema wa ku France, Auguste Rodin, anatsutsa zimenezo pocheza ndi mlembi Paul Gsell, m'macheza amene anasindikizidwa mu 1911. Maganizo ake anali oti nthawi siima, choncho chithunzi chimene chaimitsa kachigawo kamodzi ka sekondi chikuonetsa chinthu chimene diso la munthu silinaonepo. Wojambula pamanja amaphatikiza nthawi zingapo m'thupi limodzi, mwendo wakumbuyo uli pa zimene zachitika kale, phewa lili pa zimene zikubwera, ndipo diso la woonera likamayenda pa chithunzicho limamva kusuntha.

Yesani nokha. Tsegulani vidiyo ya wovina amene mumamukonda pa TikTok, muiimitse paliponse. Kawirikawiri mupeza munthu wooneka ngati akugwa, kukamwa kuli yasa, dzanja lili mbali yosadziwika. Vidiyo ikamayenda imasunga gule bwino kuposa pepala lililonse, zimenezo sinditsutsa. Koma ikaima imataya zonse. Pepala silisuntha chiyambire, ndiye ntchito yonse ya wojambula ndi kulowetsamo nthawi. Pamenepa ndi pamene kujambula kwa dzanja kumasiyana ndi kwa foni.

Rodin yemweyo anasonyeza kuti n'zotheka. Mu Julaye 1906, ali ndi zaka 65, anaonera ku Paris ovina a kunyumba yachifumu ya ku Cambodia amene anabwera ndi Mfumu Sisowath. Anatengeka nawo mpaka anawatsatira ku Marseille, kumene kunali chionetsero cha maiko olamulidwa ndi France, ndipo m'masiku ochepa anajambula zithunzi pafupifupi 150. Nkhope zambiri ndi kamzere kozungulira chabe. Koma manja, zala zopindikira kumbuyo, ndi mmene mphamvu imayendera kuchoka kudzanja lina kudutsa m'mapewa kukafika kudzanja linalo, zonsezo zilimo. M'zaka zimenezo Rodin ankajambula maso ali pa munthu, osayang'ana pepala. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa: ukamati uyang'ane wovina, uyang'anenso pepala, pobwerera upeza wapita kale.

Chimene ndimayang'ana pa chithunzi

Komabe breaking ili ndi zovuta zake zimene njira ya Nicolaïdes sinakonzekere. Njirayo inakulira m'makalasi mmene munthu wojambulidwa amakhala wosavala, ndipo kawirikawiri amaima kapena kukhala pansi, mutu m'mwamba. Wophunzira amazolowera kuyamba ndi mzere wa msana kutsikira kuphazi limene lasenza thupi. B-girl amatembenuza zonsezo. Kulemera kuli pachikhatho, kapena paphewa, kapena pamutu, ndipo kumasamuka kangapo pa sekondi imodzi.

Ndiye choyamba chimene ndimafuna pa chithunzi ndi nthaka. Breaking ndi kukambirana kwa thupi ndi pansi: simenti, katoni yoyalidwa, matailosi a pa siteshoni ya sitima. Zithunzi zambiri za m'maphunzirowa zimasiya wovina akuyandama pakati pa pepala loyera ngati chovala pa chingwe. Wojambula amene waonadi amadinda makala mwamphamvu pamene dzanja lakhudza pansi, mzere n'kumapepuka ukamakwera kumiyendo. Ukayang'ana umadziwa pamene pakupweteka.

Chachiwiri ndi zovala. Ambiri amadandaula kuti mathalauza otaya ndi ma T-shirt aakulu amabisa mawondo ndi chiuno. Zoona, amabisa. Koma nsalu imachedwa pang'ono kutsatira thupi: munthu akapotokera kumanzere, malaya amakhala akadali kumanja. Kuchedwa kumeneko ndi mphatso kwa wojambula, chifukwa kumaonetsa kumene thupi lachokera. Wokopera mapindo a nsalu mmodzimmodzi wataya mphatsoyo.

Chachitatu, sindiopa chithunzi cha miyendo inayi kapena isanu. Sitepe yotchuka yotchedwa six-step imazungulira n'kubwerera pamene inayambira, ndipo wovina amaibwereza. Wojambula wodekha amasiya ulendo woyamba udutse osalemba kanthu, wachiwiri n'kugwira chiuno, wachitatu n'kuwonjezera mwendo pamene unali ndi pamene wafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena amaonera ulendo wonse manja ali pansi, kenako n'kujambula zimene zatsala m'mutu. Njira imeneyi ndi yakale: Horace Lecoq de Boisbaudran ankaphunzitsa kujambula kochokera m'chikumbumtima ku Paris m'zaka za m'ma 1800, ndipo Rodin anali mmodzi mwa ophunzira ake. Chimene chimatsala m'mutu wovina atatuluka m'bwalo nthawi zambiri ndicho chinali chake chenicheni.

Bwalo la anthu owerama

Tsopano tifike pa chimene chimandivuta kwambiri. Ovina breaking amavina m'bwalo la anzawo, limene amalitcha cypher. Wina akalowa amakhala akuyankha amene watuluka: kumunyoza, kumutsanzira, kumuonetsa kuti zimene wachitazo iye angazichite bwino. Ozungulira amakuwa, amaomba m'manja, amaloza. Ife zimenezi sitifunika kuuzidwa. Tikudziwa kuti wovina chimtali kapena beni amatenga moto kwa woimba ng'oma ndi kwa oomba m'manja, ndipo bwalo likazizira miyendo nayo imazizira.

Ndiye taganizani wovina mmodzi ali pakati pa anthu makumi awiri amene manja awo onse ali pa ntchito. Palibe woomba m'manja. Palibe womuyankha. Akamaliza chinthu chimene anachiphunzira zaka zitatu, akadzutsa maso amaona mitu yowerama. Bwalo lilipo, koma ndi la anthu ongotenga. Wovina amayamba kudzisunga, kuchita zooneka bwino m'malo mwa zoopsa, ndipo zimenezo zimaonekera papepala.

Maphunziro amene amatulutsa zithunzi zamoyo ndi aja amaitana gulu lonse la ovina pamodzi ndi DJ wawo, n'kuwasiya apikisane okhaokha, ojambula n'kukhala m'mbali ngati alendo. Abwino koposa ndi aja amanyamula mapepala kupita kumene ovinawo amavina kale. Kumeneko palibe wopempha kuti "tabwerezani". Uphonya zambiri, koma zochepa zimene ugwire zidzakhala zoona.

Dzina lili kuti?

Nkhani yomaliza ndi ya dzina ndi ndalama, ndipo mbiri yake si yokoma. Zithunzi zambiri za Rodin zija zimangotchedwa "wovina wa ku Cambodia". Dzina la wojambula dziko lonse likulidziwa. Edgar Degas anaumba chifaniziro cha mtsikana wovina wa zaka 14 chimene chinaonetsedwa ku Paris mu 1881. Mtsikanayo, Marie van Goethem, wochokera m'banja losauka, anachotsedwa pa Paris Opera chaka chotsatira. Mu 2022 chimodzi mwa zifaniziro za mkuwa zoumbidwa kuchokera pa chija chinagulitsidwa ku Christie's pa madola 41.6 miliyoni.

Ovina a mumsewu akumana nazo kambirimbiri. Mu filimu ya Flashdance ya mu 1983, kupota ndi msana kumene anthu anakuombera m'manja pa gule womaliza sanachite ndi Jennifer Beals. Anachita ndi Richard Colón, Crazy Legs wa gulu la Rock Steady Crew, atavekedwa wigi. Mu 2019 mtsikana wa zaka 14 wa ku Atlanta, Jalaiah Harmon, anapeka gule wa Renegade amene anazungulira TikTok yonse, otchuka ena n'kumapindula naye, ndipo dzina lake linadziwika mu February 2020 nyuzipepala ya New York Times italemba za iye.

Zingathe kuchitika mwina. Martha Cooper, wojambula ndi kamera amene anayamba kutsatira ovinawa ku New York mu 1980, ankapita kumene iwo ali n'kuwadziwa mayina. Pamene nyuzipepala ya Village Voice inatulutsa nkhani ya Sally Banes yokhudza breaking mu 1981, mnyamata wa pachikuto anali ndi dzina: Frosty Freeze. Mpaka lero akukumbukiridwa.

Kwa wovina wa mumsewu, kavinidwe kake ndi siginecha yake. Ngati chithunzi chagwiradi mmene iye yekha amatsikira pansi, ndiye kuti theka la chithunzicho walemba ndi iye. Choncho ndikaona chithunzi cha m'maphunzirowa chikugulitsidwa, pansi pali dzina la wojambula lokha, mutu wake n'kukhala "B-boy 3", ndimadziwa kuti wojambulayo anaona thupi, munthu sanamuone. Wovina alipidwe ngati mphunzitsi mnzake wa tsikulo, dzina lake lilembedwe, ndipo pa nthawi yoyala zithunzi pansi apatsidwe mpata wonena kuti ichi ndine, ichi si ine. Palibe m'chipindamo wodziwa kuposa iye ngati mwendo uli pamalo pake.

Nanga kwathu kuno?

Zipangizo zake tili nazo kale. Makala ali pa mbaula, mapepala akale sasowa, ndipo ovina ali ponseponse: anyamata ovina pa malole otsatsa malonda, magulu ovina pa maukwati, ana opikisana pa sipika ya pa shopu. Anzathu amene muli ku Johannesburg mumawaona a pantsula, amene mapazi awo amathamanga moti wodikira kuti aime adzabwerera ndi pepala loyera.

Kujambula gule pamanja si chinthu chobwera ndi ndege. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zina mwa zithunzi zoyera za kumeneko ndi za zinyau. Anazijambula ndi eni ake, anthu a m'bwalo momwemo, odziwa chimene chiyenera kuonetsedwa ndi chimene chiyenera kubisidwa. Mpaka lero munthu wanzeru safika pa Gule Wamkulu n'kungotulutsa foni kapena pepala osapempha kwa eni dambwe. Ulemu umenewo ndi womwe mnyamata wovina pa depoti naye akuyenera kulandira, ngakhale alibe mfumu yomuyankhulira.

Ndiye ngati mumajambula ndipo mukufuna kuyesa, pitani kumene akuvina, mupemphe, muonere maulendo angapo manja ali m'thumba. Mukayamba, musamuuze aime. Zithunzi makumi awiri zoyamba zidzaoneka ngati mapazi a nkhuku pa mchenga, ndipo ndi mmene ziyenera kuonekera. Chikadzatuluka chimodzi chimene anzake a wovinayo angachiloze n'kutchula dzina lake musanawauze, lembani dzinalo pansi pake, pafupi ndi lanu.